Masiku Atatu a Kuphethira Kumodzi

Kuno ku Leeds dzuwa laweruka folo koloko isanakwane.
Anzanga athamangira mabasi awo.
Tatsala atatu: ine, mayi wokolopa m'khonde,
ndi kompyuta iyi yopuma wefuwefu
ngati galu wopirikitsa njinga.

Ndinaisenzetsa katundu Lolemba. Lero Lachinayi.

Chimene ndikuwerengera n'chochepa:
kampata koti chikhadabo chingalowe mokakamiza,
pakati pa singano ya magetsi ndi kagalasi.
Kampatako ndakadula timinda zikwi makumi anayi,
m'kamunda kalikonse ndafesamo manambala,
ndipo makina akuyenda mzere ndi mzere, kufunsa:
maelekitironi alowa angati? Atuluka angati?
Wagunda mnzake ndani? Wamuthothola chiyani?
Masiku atatu athunthu
kuti ndione zochitika m'kanthawi kakang'ono,
koti pambali pake kuphethira kwa diso ndi chaka.

M'chipinda chapansi chopanda mawindo
a Ackroyd, amene akonza mapampu pano zaka makumi atatu,
anandiyatsira pulazima weniweni sabata yatha.
Kalawi ka mtundu wa duwa la jakaranda,
kutalika ngati mtengo wa machesi.
"Ika chala," anatero.
Ine, wa chipsera cha mbaula pachigongono,
ndinabisa dzanja m'thumba.
Anaseka, naika chawo.
Ndinaika changa.
Kamphepo chabe, kayeziyezi,
ndi kafungo kotsala mphezi ikang'amba.

M'kalawimo muli tinthu totentha kuposa nkhope ya dzuwa,
koma n'topepuka zedi, sitingatenthetse mpweya wotizinga:
udzudzu wolusa m'khola la ng'ombe zogona.

Moto wotere ndiwo umasema tinjira m'mitima ya mafoni,
umapha tizilombo pa zida za kuchipatala.
Ena akuuyesa pa mbewu zisanadzalidwe,
ena pa zilonda zokana kupola.
Ndikafika apa malovu amauma.

Bambo anga ku Balaka ali ndi bala pachidendene,
la shuga, chaka chachiwiri chino.
Mng'ono wanga Dziwani amatumiza chithunzi Lamulungu lililonse
ataika khobidi la twente kwacha pambali
kuti ndiyeze ndekha.
Mu Seputembala khobidi linkaphimba bala.
Pano bala likhoza kumeza khobidi.
Kutchalitchi amalengeza kuti ndikupanga mankhwala.
Sindipanga mankhwala ine.
Ndimajambula mthunzi wa lawi ndi masamu,
kuti mwina wina, tsiku lina, adzadziwe
magetsi ochuluka bwanji, mpweya wotani, mphindi zingati.

Naini koloko, sikirini yafiira psuu.
Pakona ina, pafupi ndi khoma,
makina akuti maelekitironi atsala ochepera pa ziro.
Ngongole ya tinthu tosaoneka!
Ndatsika nayo mizere ngati wosankha miyala mumpunga
mpaka ndachigwira:
kachizindikiro kochotsera pamalo pa kophatikiza.
Ndinakalemba ndekha mu Novembala,
usiku umene anaimba foni kuti bala layamba fungo.

A Ackroyd amakonda kunena,
akupukuta girisi m'manja,
kuti mpweya suwerenga mabuku anga,
kuti kachinyezi ka m'kamwa mwa munthu woima pafupi
n'kokwanira kusintha nkhani yonse.
Sindinakalowetsebe kachinyeziko.
Kadikire Malichi.

Ndafufuta kamzere kamodzi, ndaika kamtanda.
Ndadina batani.
Galu wayambanso wefuwefu.

M'khonde mayi uja waimika ndowa,
akuloza babu lalitali lomwe likuphethiraphethira kudenga.
Ndikufuna kumuuza kuti m'menemonso muli moto womwewo,
koma akungofunsa ngati azimitse.
Ndati zimitsani.

Panja mvula ya ufa, yosamveka padenga.
Ku Balaka ndi pakati pausiku.
Phazi lija lili pamtsamiro, lokulungidwa m'nsalu yowiritsa,
ndipo m'chipinda chamdima kuseri kwanga
makina angomaliza kamunda koyamba.
Atsala zikwi makumi atatu mphambu zisanu ndi zinayi
ndi zina zapamwamba.